Injini ikadontha, funsani kuti chikudontha n'chiyani

M'madoko a asodzi, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, vuto la mafuta pa injini ya boti limanenedwa ndi mawu amodzi okha: "ikudontha." Mawuwa sanama, koma amafunditsa matenda angapo chofunda chimodzi. Mwini boti amene satha kuwasiyanitsa amagula kabuleta yatsopano pamene chomwe chatha ndi kamphira kakang'ono ka pajoini, kapena amakulunga paipi ndi mphira wa chubu cha njinga vuto lili mkati mwa injini. Ndikuona kuti luso lofufuza kudontha limayambira pakamwa, munthu asanagwire sipanala.

Ngakhale mawu oti mafuta amasokoneza. Injini zambiri zoyendetsa maboti a chilimira ndi za two-stroke, monga Yamaha Enduro, zomwe zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, kawirikawiri malita 50 a petulo pa lita imodzi ya oyilo. Zamadzimadzi zakuda zimene zimayenderera pakati pa pulopela injini ikazima nthawi zambiri si kudontha ayi, ndi oyilo wosapsa wotsika ndi utsi. Oyilo wa giya wa kumunsi ndi wina: ngolemera, fungo lake ndi lamphamvu, ndipo akayera ngati mkaka ndiye kuti silo yatha, madzi alowa. Petulo yekha sachedwa kuuma, koma poti ngosakaniza amasiya banga lonyezimira la oyilo, ndipo bangalo limaloza pomwe watulukira.

Tikatsimikiza kuti ndi petulo, tiyenera kutsata njira yake: thanki, paipi, kampira kopopera ndi dzanja, joini yolumikizira ku injini, fyuluta, pampu, kenako kabuleta. Panjirayi pali mavuto atatu oyenera mayina osiyana. Kudontha kwenikweni ndi pamene paipi yang'aluka, kilipi yakhwepa kapena gasiketi yaphwanyika. Mukafinya kampira injini ili chizimire mpaka kalimbe, dontho limaonekera pamalo pake. Kusefukira ndi kwina. M'kambale ka pansi pa kabuleta muli floti imene imakwera ndi petulo n'kukankha kasingano kotseka khomo. Kachitsotso kakangokhala pakamwa pa kasinganoko, petulo amalowabe mpaka kutayikira kukhosi kwa kabuleta, kampira osalimba ngakhale mufinye chotani. Thanki yosiyidwa padzuwa, kasikuluwu ka mpweya ka pachivundikiro katatsekedwa, paipi ili chilumikizire, imatha kukankha petulo chimodzimodzi. Injini yopendeketsedwa m'mwamba pagombe nayo imakhuthula zam'kambale popanda chilichonse chowonongeka. Lachitatu ndi kukoka mpweya, ndipo ili ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa silisiya dontho. Pakati pa thanki ndi pampu petulo amayenda moyamwidwa, choncho kabowo ka pamenepo kamalowetsa mpweya injini ikamalira. Imatsamwa, imazima, mukapopa imadzukanso. Pa two-stroke petulo akachepa oyilo nayenso wachepa, ndipo mapeto ake pisitoni imatha kugwira. Palinso kudontha kobisika: kamphira kopyapyala ka m'pampu kakabooka, petulo amalowera mkati mwa injini, pulagi n'kumanyowa, thanki n'kumatha msanga kunja kuli gwa.

Ena anganene kuti zonsezi ndi ntchito ya makaniko, msodzi ntchito yake ndi usipa. Zikanamveka injini ikanamafera padoko. Koma imafera pakati pa nyanja usiku, mwera ukuyamba, makaniko ali mtulo kumtunda, ndipo ngati foni ikugwira amathandiza ndi zomwe wauzidwa basi. Womuuza kuti "kampira sikakulimba, petulo akutuluka pakhosi" wamupatsa poyambira, atha kulangizidwa kugogoda kambale pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti kasingano kamasuke. Wongoti "ikudontha" sanamuuze kanthu. Enanso amati akatswiri ambiri a m'madoko anaphunzira ndi manja, mayina alibe nawo ntchito. Ulemu wawo ndi wowayenera, koma nzeru yosatchulidwa imavuta kupatsira mnyamata wophunzira, ndipo kusitolo ya masipeya ku Mangochi kapena ku Salima wogulitsa amakupatsani chimene mwatchula. Kaya dzinalo ndi lobwereka, floti kapena gasiketi, zilibe kanthu, bola onse m'boti azimva chinthu chimodzi.

Pali chifukwa china chosayenera kuchedwera. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, dziko la Malawi lakhala likusakaniza ethanol mu petulo. Ethanol amawononga mitundu ina ya mphira ndipo amakoka chinyezi, motero paipi wamba wa pulasitiki wogula pamsika amauma n'kung'aluka. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakhazikika pansi m'boti pomwe pali maukonde ndi mapazi a anthu. Nyali ya moto kapena lawi loyatsira ndudu ndi zokwanira kuyatsa. Eni maboti, musanatumize anyamata panyanja, vundukulani injini, finyani kampira iwo akuona, ndipo aliyense atchule chiwalo chilichonse kuchokera pathanki mpaka pakabuleta.