Mkanjo wakuda wa ophunzira: kumene unachokera ndi mmene unafikira kuno kumapiri

Mukalowa m'nyumba zambiri masiku ano, kuno ku Domwe, ku Ulongwe, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Lizulu, mupeza chithunzi chopachikidwa pakhoma. Pachithunzipo pali mnyamata kapena mtsikana atavala mkanjo wakuda wofika m'miyendo, kumutu chipewa cha ngodya zinayi, m'manja pepala lokulunga. Abale athu a ku Malawi amati gawuni, ife ophunzira m'Chipwitikizi timati beca. Agogo athu ambiri anapita kumanda osauona mkanjo umenewu, koma lero tikuubwereka, tikuugula, ndipo ena tikugulitsira ng'ombe.

Ine ntchito yanga ndi ya pa wailesi ya m'dera, ndipo nyengo ya miyambo yomaliza maphunziro ikafika ndimawerenga mauthenga ambiri a mafuno abwino ochokera kwa makolo. Funso limene akuluakulu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, chovala cha chisangalalo chikhale bwanji chakuda ngati cha maliro, ndipo anachiyambitsa ndani? Yankho lake ndi lalitali, koma ndi lofunika kulidziwa, pakuti munthu savala chithumwa asanafunse mankhwala amene ali m'katimo.

Chovala cha ansembe ndi cha chisanu

Mayunivesite akale kwambiri a ku Ulaya anayamba zaka pafupifupi 900 zapitazo, m'mizinda ya Bologna, Paris ndi Oxford. Liwu la Chilatini lakuti universitas silinkatanthauza nyumba ayi. Linkatanthauza bungwe la anthu a ntchito imodzi, monga mmene amisiri kapena alimi amapangira bungwe lawo. Aphunzitsi ndi ophunzira ambiri a nthawi imeneyo ankawerengedwa ngati anthu a mpingo, choncho ankavala ngati ansembe. M'chaka cha 1222, msonkhano wa atsogoleri a mpingo umene unachitikira ku Oxford motsogozedwa ndi bishopu wamkulu Stephen Langton unalamula kuti azivala mkanjo wautali wotseka, wotchedwa cappa clausa. Mkanjo wa lerowu ndi mdzukulu wa chovala chimenecho.

Panalinso chifukwa china chimene ife a m'munsi mwa phiri la Domwe sitingavutike kuchimvetsa. Nyumba zophunziriramo zinali za miyala, zozizira koopsa. Amene anadzukapo m'mamawa mwezi wa June kuno kwathu, nkhungu itaphimba madimba, akudziwa chimene nsalu yaitali ya ubweya imachita pathupi. Kansalu kaja kamene lero kamalendewera kumsana kanali chofunda kumutu chenicheni, choteteza ku mphepo ndi mvula. Motero mkanjowu sunali wa tsiku la phwando, unali chovala cha ntchito cha tsiku ndi tsiku. Poyamba inkasokedwa ya mitundu yosiyanasiyana. Wakuda unadzakhazikika pambuyo pake, chifukwa unkaonedwa ngati mtundu wa ulemu ndi wa kudziletsa.

Mawu amene timatchula pa mwambowu nawonso ali ndi nkhani yake. Graduação ndi graduation onse amachokera ku liwu lakuti gradus, kutanthauza sitepe ya makwerero. Licenciatura imachokera ku licentia docendi, ndiye kuti chilolezo chophunzitsa. Doutor kapena dokotala amachokera ku docere, kuphunzitsa, ndipo poyamba dzinali silinali la wopereka mankhwala ayi. Chonde mawu atatuwa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Njira ziwiri zokumana pa malire athu

Ife a m'malire tili ndi mwayi woona miyambo iwiri. Wa kuno unadzera kwa Apwitikizi. Yunivesite yawo yoyamba inakhazikitsidwa ndi mfumu Dinis ku Lisboa m'chaka cha 1290, ndipo itasamukasamuka inadzakhazikika ku Coimbra mu 1537. Kumeneko ophunzira amavala capa e batina, suti yakuda yonga ya wansembe ndi chinsalu chakuda chofunda paphewa, osati pa tsiku lomaliza lokha komanso pa miyambo ina ali pakati pa maphunziro. Ambiri amati ubwino wake unali wakuti mwana wa wolemera ndi mwana wa mmphawi ankaoneka mofanana. Phunziro lililonse lili ndi mtundu wake: a zamalamulo wofiira, a zachipatala wachikasu. Mwezi wa May amachita phwando la Queima das Fitas, kutanthauza kutentha maliboni, potsanzikana ndi moyo wa pasukulu.

Wa ku Malawi unadzera kwa Angerezi, ndiwo mwambo wa mkanjo wotsegula kutsogolo, kansalu ka mitundu kumsana ndi chipewa cha ngodya zinayi. Chipewachi Angerezi anachipatsa dzina lochokera ku kathabwa kamene mmisiri womanga amanyamulirapo matope, pakuti n'zofanana maonekedwe. Amereka nawo anawonjezerapo zawo. Mu 1895 mayunivesite awo anagwirizana malamulo a kavalidwe, ndipo pa mndandanda wawo wa mitundu, a zaulimi anapatsidwa mtundu wa chimanga. Zoponya zipewa m'mwamba, zimene ana athu akuchita pojambulitsa, zimanenedwa kuti zinayambira pa sukulu ya asilikali a pamadzi a ku America mu 1912.

Azimayi mkanjowu anachita kuulimbirana. Domitila de Carvalho, mkazi woyamba kulembedwa pa yunivesite ya Coimbra, analowa mu 1891, patapita zaka 600 chiyambireni sukuluyo. Oxford inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1920, Cambridge mu 1948. Tikamaona ana athu aakazi atauvala, tisayese kuti zinali choncho kuyambira kale.

Khomo limene linali lotseka

M'nthawi ya atsamunda, mwana wa ku Angónia ankayamba sukulu akudziwa kale pamene akathere. Malamulo ankagawa anthu, ena indígena, ena assimilado. Pangano la boma la Portugal ndi Vatican la mu 1940 linapereka maphunziro a ana achikuda m'manja mwa mamishoni a Katolika, ndipo maphunziro ake ankatchedwa ensino rudimentar, ndiye kuti ongoyambira chabe. Mamishoni monga Lifidzi ndi Fonte Boa anaphunzitsa makolo athu ambiri kuwerenga ndi kulemba, ndipo pa ichi tiyenera kuthokoza. Koma wofuna kupitirira anali ndi njira zochepa: seminale ya ku Zóbuè, uphunzitsi wa kumudzi, kapena kuwoloka malire kupita ku Nyasaland.

Yunivesite yoyamba m'dziko lathu inatsegulidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, pa dzina lakuti Estudos Gerais Universitários de Moçambique, ndipo mu 1968 inasanduka Universidade de Lourenço Marques. Ophunzira ake pafupifupi onse anali ana a atsamunda. Pamene tinkalandira ufulu mu 1975, ophunzira achikuda pa sukuluyo anali makumi angapo chabe, ndipo mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, oposa 90 sankadziwa kuwerenga.

N'chifukwa chake oyamba kuvala mkanjowu m'chigawo chathu cha Afirika anakauvalira kutali. A Daniel Malekebu a ku Nyasaland anamaliza udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, ndipo a Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937. A Eduardo Mondlane, amene ali mwana ankaweta ziweto ku Manjacaze, anachotsedwa ku South Africa mu 1949 ndi boma la tsankho akuphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand. Anakalandira digiri yoyamba ku Oberlin mu 1953, kenaka ya udokotala ku Northwestern. Anali ndi ntchito yabwino ku United Nations ndiponso ya uphunzitsi pa yunivesite, koma anazisiya nadzatsogolera nkhondo ya ufulu mpaka kuphedwa kwawo ku Dar es Salaam pa 3 February 1969. Pa 1 May 1976 yunivesite ija ya atsamunda inapatsidwa dzina lawo.

Mkanjo ukwera mapiri

Ufulu utabwera, dziko linalibe aphunzitsi, anamwino ndi alangizi okwanira, pakuti Apwitikizi ambiri anali atachoka. Pa 8 March 1977 pulezidenti Samora Machel anaitana achinyamata a makalasi omaliza a sekondale kuti asiye zolinga zawo akatseke mipata imeneyi. Ndiwo amene timawatcha Geração 8 de Março. Ambiri mwa iwo anaphunzitsa dziko lonse asanavale mkanjo uliwonse. Ana ena anatumizidwa kukaphunzira ku Cuba ndi ku East Germany.

Kenaka inadza nkhondo. Sukulu za m'midzi yathu zinatsekedwa, zina kutenthedwa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ine ndili m'gulu la ana amene tinaphunzira a, e, i, o, u m'dera la Dedza, titakhala pansi, tikulemba pa dothi ndi chala. Ku Malawi tinapeza yunivesite ilipo kale. Inakhazikitsidwa mu 1964 n'kuyamba kuphunzitsa ku Blantyre mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Mayina a Zomba ndi Bunda tinkawamva pa wailesi, koma kwa mwana wothawa nkhondo anali ngati mayina a nyenyezi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 tinabwerera, ambiri a msinkhu wanga titapitirira kale zaka za sukulu. Ine ndinalekezera sekondale, ndipo anzanga ochuluka sanafike n'komwe pamenepo.

Ngakhale pamenepo, ambiri ofuna digiri ankayenera kupita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500, pamene Lilongwe ili pafupi pomwepa. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Lamulo la mu 1993 linalola mayunivesite omwe si a boma, ndipo m'zaka zotsatira Universidade Católica inatsegulidwa ku Beira. Sukulu ya aphunzitsi imene inayamba mu 1985 inasanduka Universidade Pedagógica mu 1995 n'kufalikira m'zigawo. Mu 2005 mzinda wa Tete unalandira Instituto Superior Politécnico. Kenaka UniZambeze, yokhazikitsidwa mu 2007, inayamba kuphunzitsa mu 2009, ndipo nthambi yake ya zaulimi inaikidwa ku Ulongwe, m'boma lathu lomwe lino. Ku Ulongwe komweko kulinso sukulu ya ukachenjede ya Hefsiba, ya mpingo wa Igreja Reformada. Tawerengani nokha: kuchokera pa 1290 mpaka 2009 ndi zaka zoposa 700. Ndiwo utali wa ulendo umene mkanjowu unayenda kuti ufike pamtunda woti mayi wa ku Domwe angakwere njinga yamoto m'mawa, kukalulutira mwana wake, n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Tsono tiuone bwanji?

Ife Achewa ndi Angoni si alendo pa nkhani ya zovala za mwambo. Namwali potuluka m'tsimba ankavekedwa chingondo kumutu, mudzi wonse n'kuona kuti walangidwa. Chingondocho sankagona nacho chaka chonse. Chinkachotsedwa, ndipo chotsala chinali mwambo umene anamkungwi anamuuza. Mfumu polongedwa imavekedwa, koma tsiku lomwelo imauzidwanso kuti kuyambira lero milandu yonse ndi maliro onse ndi ake. Kwathu kuno chovala cha ulemu chimabwera ndi katundu wake. Mkanjo wakuda nawonso ndi chimodzimodzi, monga mawu atatu aja akuchitira umboni: wakwera sitepe, walandira chilolezo, tsopano pita ukaphunzitse.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Ndikuona mabanja akugulitsa mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya za chaka chonse, osati kulipirira maphunziro, koma phwando la tsiku limodzi, mng'ono wake wa womalizayo n'kukhala pakhomo chifukwa chosowa makope. Ndikuona tiana ta sukulu ya mkaka tikuvekedwa mikanjo ndi zipewa, makolo n'kulipira ndalama imene ikanagula mabuku. N'zokongola pa chithunzi, koma tisaphunzitse mwana kuti ulemu umabwerekedwa kwa telala. Ndikuonanso ena amene akangovula mkanjo amafuna kuti ngakhale malume awo aziwatchula senhor doutor, ndipo Chinyanja chimayamba kuwalemera pakamwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso ena amene ndimawamvera chisoni, omaliza maphunziro amene ntchito sinapezeke, amene amayenda mozemba pamsika poopa kusekedwa. Kwa iwo ndikuti, mkanjo sunalonjeze ofesi. Unapereka chilolezo chophunzitsa, ndipo chilolezo chimenecho palibe angakulandeni. Amene munaphunzira zaulimi, dimba la amayi anu likudikira kuti muwauze chimene chikuwotcha masamba a mbatata nyengo ya mvula. Amene munaphunzira zamalamulo, mkazi wamasiye wolandidwa munda sakudziwa kuti lamulo la malo la mu 1997 limazindikira ufulu wa amene akulima malo motsata mwambo, mkazi ndi mwamuna mofanana. Amene munaphunzira zowerengera chuma, bungwe la alimi likuberedwa pa sikelo.

Inu makolo, lulutirani ndithu, pakuti chimene mukuona agogo anu anachikanizidwa. Iphani nkhuku, itanani abale a mbali zonse ziwiri za malire, koma musalowe m'ngongole. Ndipo pa phwandopo, nsima isanabwere, mwini mbumba aimirire amufunse mwanayo pamaso pa onse kuti, pa zimene wakaphunzira, mudzi uno uyambe kumva chiyani, ndipo liti. Akayankha, mudzadziwa kuti mkanjo uja unamukwana.