Thomas Annan ndi Tinjira ta ku Glasgow

M'caka ca 1866 akulu a mzinda wa Glasgow, m'dziko la Scotland, anapatsidwa mphamvu ya kugula ndi kupasula nyumba zakale za pakati pa mzindawo. M'nyumbazo munadzala amphawi, ambiri a iwo ocokera ku Ireland ndi ku mapiri a kumpoto, amene anadza kudzafuna nchito. Anakhala mopanikizana, banja lonse m'cipinda cimodzi, ndipo nthenda ya kolera inali itapululamo anthu kangapo. Asanayambe kupasula, akuluwo anaitana Thomas Annan kuti ajambule zithunzi za malowo. Annan yemweyu ndiye anajambula David Livingstone m'caka ca 1864, pokhala iye mnansi wa abale a Livingstone ku Hamilton.

Kuyambira 1868 kufikira 1871 Annan analowa m'tinjira ta pafupi ndi High Street, Saltmarket ndi Gallowgate. Tinjirato tinali topapatiza pakati pa nyumba zazitali zosanja, kotero kuti dzuwa linalowamo pang'ono cabe. Kujambula kwa masiku amenewo kunali kobvuta: anapaka mankhwala pa galasi, nalilowetsa m'makina lisanaume, ndipo m'mdima wotere makinawo anayenera kukhala otseguka nthawi yaitali.

Cimene akulu anafuna ndico cikumbutso ca makoma ndi makwerero. Koma eni malo sanacoke. Akazi anaima pa makomo, ana naunjikana m'mbali mwa ngalande za madzi onyansa, kupenyerera mlendo ndi bokosi lace. Iwo amene anaima cilili anaoneka bwino; koma amene anatembenuza mutu kapena kuyenda anatuluka pa cithunzi ngati mizukwa, nkhope zosazindikirika. Pamwamba pao panalenjekeka zobvala zoyanikidwa pa mitengo yoturukira m'mazenera. Ngakhale sanaitanidwe, anthu amenewa ndiwo amagwira maso a munthu poyamba, ndipo cifukwa ca iwo zithunzizi zimawerengedwa pakati pa zoyamba zoonetsa makhalidwe a amphawi m'mizinda ya Britain.

Zithunzizo zinasonkhanitsidwa m'buku lochedwa The Old Closes and Streets of Glasgow. Pozisindikizanso m'ma 1878, Annan anaonjezapo mitambo kumwamba, nayeretsa zobvala zoyanikidwa zija kuposa umo zinaliri. Pansi pa zithunzi analembapo nambala ya kanjira ndi dzina la msewu. Maina a anthu oimamo sanalembedwe.