Galu akafa: chisoni cha mwiniwake ndi dongosolo lolerera kagalu kosowa mwini

Galu akafa pakhomo sipakhala mwambo. Amakumba dzenje kuseri kwa nyumba kapena kumapeto kwa munda, n'kukwirira, tsiku n'kupitirira monga mwa masiku onse. Koma kwa munthu amene wakhala ndi galuyo zaka khumi, amene amalandiridwa naye pageti madzulo alionse, nkhaniyi siithera padzenjepo. Mbale yake imatsala pakhonde, usiku pamakhala zii, ndipo ana amafunsa mafunso ovuta kuyankha.

Posakhalitsa pamabwera ganizo lopeza galu wina, kaya chifukwa cha chitetezo kapena kufuna kutonthoza ana. Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Amathamangira kutenga kagalu asanadziwe chomwe chapha woyamba uja, ndipo pakangotha masabata ochepa amakumbanso dzenje lina.

Kulira galu sikunayambe lero

Ena amaganiza kuti kudandaula galu ndi khalidwe lobwera ndi moyo wa m'tauni. Mbiri ikutsutsa zimenezi. M'chaka cha 1914, anthu ophwanya miyala ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn m'dziko la Germany, adapeza manda momwe mudali mafupa a mwamuna, mkazi ndi galu. Mandawo ndi a zaka pafupifupi 14,000 zapitazo. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2018 adaonetsa kuti galuyo adafa ali ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, ndipo adadwalapo kwambiri matenda a distemper ali wamng'ono. Kagalu kodwala choncho sikakadapirira masabata angapo popanda wokapatsa madzi ndi chakudya. Sikadali kothandiza pa uzimba, komabe anthuwo adakadwazika ndipo katafa adakaika m'manda a anthu.

Mlembi wa mbiri wa ku Greece, Herodotus, adalemba zaka zoposa 2,400 zapitazo kuti ku Egypt galu akafa, apabanja ankameta mutu ndi thupi lonse, mwambo womwe sungadabwitse munthu wodziwa za kumeta pambuyo pa maliro kuno kwathu. Manda a ziweto a ku Hartsdale m'dera la New York adayamba mu 1896, ndipo a ku Asnières, kufupi ndi Paris, adatsegulidwa mu 1899.

Ngakhale m'midzi ya m'dziko muno, galu sadali mlendo m'moyo wa banja. Ankapita ku uzimba, ankathamangitsa anyani m'munda, ankachenjeza fisi akayandikira khola. Ankapatsidwa dzina, nthawi zina lokhala ndi uthenga wopita kwa mnansi wamiseche. Mwambi woti galu wamkota sakandira pachabe udachokera kwa anthu omwe adakhala ndi agalu mpaka kukalamba nawo.

Chisoni chosowa wopepesa

Katswiri wa ku America pa nkhani za imfa ndi chisoni, Kenneth Doka, adafotokoza mu 1989 za mtundu wa chisoni chomwe anthu ozungulira sachivomereza. Wofedwa amamva kuwawa, koma palibe womupepesa chifukwa ena saona kuti wataya kanthu. Imfa ya chiweto ndi chimodzi mwa zitsanzo zotchulidwa kawirikawiri. Mawu akuti "ndi galu chabe, mupeza wina" amachititsa munthu kubisa zomwe akumva poopa kusekedwa.

Zizindikiro zake n'zofanana ndi za chisoni china chilichonse: kusowa tulo, kusafuna kudya, kukwiya msanga, ngakhale kumva ngati galu uja akukanda chitseko. Ambiri amadziimbanso mlandu, makamaka ngati galuyo sadabayidwe katemera, adagundidwa ndi galimoto geti litasiyidwa lotsegula, kapena ngati mwiniwake adavomera kuti dokotala wa ziweto amubaye jakisoni womupumitsa ku ululu. Kwa anthu ambiri kuwawaku kumachepa pakapita masabata kapena miyezi. Ngati kukulepheretsa munthu kugwira ntchito kwa nthawi yaitali, ndi bwino kukaonana ndi aphungu kapena achipatala.

Kwa ana ambiri, imfa ya galu ndiyo imfa yoyamba kuiona pafupi. Akatswiri a za kakulidwe ka ana amalangiza kuwauza zoona m'mawu osavuta. Kunena kuti galu wagona kungachititse mwana kuopa tulo, ndipo kunena kuti wasochera kumamusiya akudikira pageti. Kumulola kuti atsanzike, ajambule chithunzi kapena abzale mtengo pomwe galu waikidwa kumathandiza kuposa kumubisira.

Agalu otsala nawonso amasintha. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya Scientific Reports adafunsa anthu 426 a ku Italy omwe adatayapo galu mmodzi wina n'kutsala. Anthu 86 mwa 100 alionse adati wotsalayo adasintha khalidwe: ena adachepetsa kusewera ndi kudya, ena ankakakamira mbuye wawo kuposa kale.

Choyamba, chapha galu n'chiyani?

Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka pakati pa 10 ndi 13, ndipo agalu a mitundu ing'onoing'ono amatha kupitirira apo. Galu wakufa ndi ukalamba sasiya chiopsezo pakhomo. Koma imfa zina zimasiya choopsa kwa galu wobwera pambuyo, ngakhalenso kwa anthu.

Matenda a parvo ndiwo amapha tiagalu kwambiri. Adadziwika padziko lapansi cha m'ma 1978, ndipo zizindikiro zake ndi kusanza, kutsekula m'mimba kwa magazi konunkha kwambiri ndi kufooka msanga. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala ndipo kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Pasimenti, m'khola ndi m'mbale kamafa ndi mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, muyeso umodzi wa mankhwala ku miyeso 30 ya madzi, atasiyidwa kwa mphindi khumi. Dothi ndi kapinga n'zovuta kuyeretsa. N'chifukwa chake pakhomo pomwe padutsa parvo sipoyenera kagalu kosamaliza katemera. Galu wamkulu wobayidwa kale ndiye angabwere popanda chiopsezo chachikulu.

Matenda ofala ndi nkhupakupa nawo amapha agalu ambiri, makamaka m'nyengo yamvula. Galu amatentha thupi, amasiya kudya, nkhama zake zimayera, ndipo mkodzo umatha kuda. Nkhupakupazo zimabisala m'ming'alu ya khola ndi ya mpanda, kudikira galu wina.

Palinso chiphe. Mankhwala a makoswe osiyidwa poyera amapha agalu, ndipo akuba amagwiritsa ntchito tameki woikidwa m'nyama. Galu wodya tameki amatuluka dovu, amanjenjemera ndipo amatha kufa m'kanthawi kochepa. Pakachitika zotere, bwalo lonse liyenera kufufuzidwa kuti pasatsale nyambo yomwe mwana kapena chiweto china chingatole.

Imfa yofunika kusamala nayo kuposa zonse ndi yokayikitsa kuti ndi chiwewe. Ngati galu adasintha khalidwe mwadzidzidzi, ankaluma chilichonse, ankatuluka dovu, adasintha mawu kapena kufa ziwalo asanafe, mtembo wake usagwidwe ndi manja. Nkhaniyo ikanenedwe ku ofesi ya za ziweto, ndipo aliyense yemwe adalumidwa, kukandidwa kapena kunyambitidwa pabala apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pokwirira galu, dzenje likhale lakuya pafupifupi mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje. Kutaya mtembo m'ngalande kapena kudzala kumafalitsa matenda ndi chiphe kwa nyama zina.

Nthawi yotenga wina

Palibe masiku oikika. Ena amakonzeka pakatha mwezi, ena pakatha chaka, ndipo ena safunanso. Chofunika n'chakuti apabanja onse agwirizane, ndipo amvetse kuti wobwerayo sadzakhala ngati wakale uja. Galu wakale ankadziwa malamulo a pakhomo. Kagalu kamatafuna nsapato, kamakumba maluwa, kamalira usiku. Yemwe akufuna galu wake wakale m'thupi latsopano amakhumudwa msanga, ndipo kagaluko n'komwe kamavutika. Pachifukwa chomwechi, ndi bwino kukapatsa dzina lakelake.

Pali mafunso ena oyenera kuyankhidwa kagaluko kasanafike. Kodi mwini nyumba amalola agalu? Kodi pali mpanda, kapena galuyo azikhala pa tcheni tsiku lonse? Ndani azimudyetsa apabanja akapita kumudzi? Kodi ndalama ya katemera, mankhwala ndi chakudya ilipo? Kutenga kagalu n'kulonjeza zaka khumi kapena kuposa.

Kumene tiagalu totere timapezeka

Tiagalu tosowa mwini ndi tomwe tatoledwa m'misewu, m'ngalande ndi kumadzala, tomwe make wafa, kapena tolandidwa kwa anthu otizunza. Ku Lilongwe kuli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals (LSPCA), lomwe lidakhazikitsidwa mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli Blantyre Society for the Protection and Care of Animals (BSPCA). Mabungwewa amalandira agalu ndi amphaka otere, kuwapatsa chithandizo ndi kuwapezera mabanja. Mabungwe a mtunduwu amafunsa za malo omwe galu akakhale, ndipo amaonetsetsa kuti walandira katemera komanso kuti wafulidwa kapena kutsekedwa, kapena kuti zidzachitika akafika pamsinkhu. Ndalama yomwe wotenga galu amapereka imathandiza kulipira chisamalirochi.

Izi n'zosiyana ndi kugula kagalu m'mbali mwa msewu. Tiagalu togulitsidwa pamenepo kawirikawiri timachotsedwa kwa make tisanakwane masabata asanu ndi atatu, timakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi, ndipo palibe wodziwa ngati tidabayidwa. Wogula chifukwa cha chifundo amapulumutsa kamodzi, koma ndalama yakeyo imachititsa wogulitsa kubwera ndi tina mawa. LSPCA yakhala ikulimbana ndi malondawa kwa zaka zambiri. Kuzunza nyama ndi mlandu pansi pa lamulo la Protection of Animals Act.

Agalu ambiri opezeka m'malo osungiramo nyama ndi amtundu wakonkuno kapena osakanizika. Anthu ena amawaderera pofuna agalu amitundu yakunja, koma agalu amakolowa adazolowera kutentha ndi chakudya cha kuno, ndipo akaleredwa bwino amalondera ndi kukonda mbuye wawo monga galu wina aliyense.

Masabata oyamba pakhomo

Ulendo woyamba ukhale wa kwa dokotala wa ziweto, makamaka ngati kagaluko katoledwa pamsewu. Mpaka atakaona, kasasakanikirane ndi agalu ena ndipo ana asaseweretse pakamwa pake.

Katemera woyamba wa parvo, distemper ndi matenda ena amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu katakwana masabata pafupifupi 16. Kasanamalize ndondomekoyi kasatuluke kunja kwa mpanda. Mankhwala a njoka za m'mimba amaperekedwa masabata awiri alionse mpaka masabata 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iliyonse. Njoka zina za agalu zimagwiranso ana osewera padothi. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa akhale oyenera msinkhu wa kagaluko, chifukwa dibi wa ng'ombe angakaphe.

Kagalu kamadya katatu kapena kanayi patsiku. Mkute ndi madeya paokha sizikwanira. Pamafunika zomanga thupi monga nyama, mazira, usipa kapena bonya wopanda mchere wambiri, komanso madzi abwino nthawi zonse. Anyezi, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku n'zoopsa kwa galu. Mankhwala a anthu opha ululu asaperekedwe popanda malangizo a dokotala.

Kagalu komwe kadazunzikapo kamatha kubisala, kunjenjemera kapena kulusa pachakudya. Kamafunika malo akeake ogona, nthawi yodziwika ya chakudya ndi anthu odekha. Miyezi itatu yoyamba ya moyo wa galu ndiyo nthawi yomwe amaphunzira kukhulupirira anthu. Chikhulupiriro chakuti galu amakhala mlonda wabwino akamamenyedwa, kutsekeredwa mumdima kapena kudyetsedwa tsabola n'cholakwika. Galu woleredwa choncho amakhala wamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma ana a pakhomo pomwepo.

Chiwewe: udindo woposa mpanda

Katemera wa chiwewe amaperekedwa kagalu kakakwana miyezi itatu, ngakhale pa makampeni a katemera amabaya ndi tating'ono tomwe, ndipo m'dziko muno amalimbikitsa kubwereza chaka ndi chaka. Malinga ndi bungwe la World Health Organisation, chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Anthu anayi mwa khumi alionse olumidwa ndi nyama zokayikiridwa ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, matendawa sachizika. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala.

Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kufala m'deralo. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi BSPCA lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe.

Choncho banja lomwe latenga kagalu kosowa mwini, n'kukabayitsa ndi kukatseketsa, lachotsa galu mmodzi pamsewu ndipo lateteza ana a m'dera lonse. Sizifafaniza galu wakale uja, ndipo siziyenera kutero. Zomwe banjalo lidaphunzira pa moyo ndi imfa yake, monga kusunga khadi la katemera, kutseka geti ndi kuthamangira kwa dokotala galu akangosiya kudya, ndizo zimapatsa wobwerayo mwayi wokalamba pakhomopo.