MPHIPI ZA PA CISUMBU CA BOADZULU

Ife a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mgona timagula nsomba pamsika, koma si anthu okha amene amadya za m'Nyanja ya Malawi. Kumwera kwa nyanjayo, m'boma la Mangochi, kuli cisumbu ca miyala, dzina lace Boadzulu. Mudzi palibepo. Eni ace ndi mphipi, mbalame zakuda za pacifuwa poyera, zimene zimamira pogwira nsomba. Zimaswana pomwepo zikwizikwi, ndipo zitosi zao zinayeretsa miyala ndi mitengo.

M'caka ca 1980 Boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo Boadzulu analowa m'malire ace. M'caka ca 1984 bungwe la UNESCO linawerengera malowo pa cuma ca dziko lonse lapansi. Tsono panali mlandu: kodi mbalame zotetezedwazi sizitha nsomba za asodzi? Mlandu wotere sutha ndi pakamwa, koma ndi kuwerenga. Akatswiri awiri, a Linn ndi a Campbell, anasanthula cakudya ca mphipi nacilinganiza ndi nsomba zogwidwa ndi anthu, ndipo anasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1992.

Nchito yotere imayamba munthu ali kumtunda. Poyamba apemphe cilolezo ku dipatimenti yosunga nyama za kuthengo, imene likulu lace lili kuno ku Lilongwe. Pamenepo akonze kamba, mankhwala a malungo, magalasi oonera patali, ndi buku lolembamo. Afunenso bwato lolimba ndi mwini wace wodziwa nyanja, pakuti kuyambira mwezi wa May kufikira August mphepo ya mwera imautsa mafunde akuru, ndipo munthu angathe kukhala masiku osaoloka.

Akafika ayende mwakacetecete, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mphipi ikadzidzimuka imasiya mazira pamtetete, ndipo anapiye akagwa pansi ng'azi zimawadya. Awerenge zisa cimodzicimodzi, aonenso nsomba zimene mbalame zalavula, nalembe mtundu ndi msinkhu wace.

Caka camawa abwerenso nyengo yomweyo, cifukwa ciwerengero ca caka cimodzi sicinena kanthu. Zisa zikamacepa caka ndi caka, asodzi ndi Boma ayenera kufunsa ngati nsomba nazonso zilikucepa, pakuti mphipi ndi munthu amadya m'mbale imodzi.