Jan Luyken, mmisiri wa zithunzi yemwe analemekeza ntchito zamanja

Jan Luyken anali mmisiri wojambula zithunzi za m'mabuku komanso mlakatuli wa ku Netherlands, dziko lomwe ena amalitcha Holland. Anabadwira mumzinda wa Amsterdam pa 16 Epulo 1649 ndipo anamwalirira komweko pa 5 Epulo 1712.

Ali mnyamata ankalemba ndakatulo zachikondi, ndipo mu 1671 anatulutsa buku lotchedwa Duytse Lier. Atakwanitsa zaka 26 anatembenuka mtima, n'kuyamba kulemba ndi kujambula zokhudza chikhulupiriro komanso moyo wodzichepetsa.

Nthawi imeneyo kunalibe kamera, choncho chithunzi cha m'buku chinkayambira pa chimbale chophwatalala cha mkuwa. Mmisiri ankachipaka phula n'kujambulapo ndi singano. Kenako ankachiviika mu asidi, yemwe ankadya mkuwa mokhamo momwe singano yadutsa. Akachotsa phula n'kupaka inki, inkiyo inkatsalira m'mizeremo, ndipo akapanikizapo pepala ndi makina, chithunzi chinkatuluka. Chimbale chimodzi chinkadinda mapepala ambirimbiri. Mwanjira imeneyi Luyken anapanga zithunzi zoposa 3,000.

Mu 1685 anajambula zithunzi 104 za buku lofotokoza za Akhristu omwe anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, lomwe m'Chingerezi limatchedwa Martyrs Mirror. Chodziwika kwambiri ndi cha Dirk Willems, yemwe mu 1569 anathawa m'ndende n'kuwoloka dziwe lomwe madzi ake anali ataundana ndi chisanu. Munthu yemwe ankamuthamangitsa anabooleza madzi oundanawo n'kuyamba kumira. Willems anabwerera n'kumuvuula, koma anagwidwanso n'kutenthedwa pamoto. Luyken sanajambule imfayo, anasankha mphindi yomwe Willems akutambasula manja kuti apulumutse mdani wake.

Mu 1694, mothandizana ndi mwana wake Caspar, anatulutsa buku lotchedwa Het Menselyk Bedryf, kutanthauza ntchito za anthu. Muli zithunzi 100, chilichonse chikuonetsa munthu ali pa ntchito yake: wophika buledi, wowomba nsalu, wosula zitsulo, msodzi, mlimi, mpaka wokumba manda. Pansi pa chithunzi chilichonse pali ndakatulo yaifupi yotola phunziro pa ntchitoyo.

Anthu olemera a ku Amsterdam ankalipira amisiri kuti awajambule atavala zovala zapamwamba. Luyken anaika m'buku anthu wamba, zipangizo zili m'manja, ndipo mlimi anamupatsa tsamba lofanana ndi la wolamulira. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale amagwiritsabe ntchito bukuli pofuna kudziwa momwe anthu ankagwirira ntchito zaka zoposa 300 zapitazo.

Caspar anamwalira mu 1708, bambo ake adakali moyo. Lero zithunzi zawo zambiri zikusungidwa ku Rijksmuseum ndi ku Amsterdam Museum, ndipo msewu wina wa mumzindawo umatchedwa dzina la Jan Luyken.