Jelo ya polima m'maselo a sola a utoto

Maselo a sola a utoto, amene Brian O'Regan ndi Michael Grätzel anawafotokoza mu 1991, amadalira electrolyte yokhala ndi iodide ndi triiodide kuti ibwezere ma electron ku utoto. Electrolyte yamadzimadzi imadontha komanso kuuma, choncho imalimbitsidwa ndi polima monga PVDF-HFP kapena PEO mpaka kukhala jelo.

Ubwino wa jeloyo umadalira kwambiri chosungunulira. Acetonitrile ndi wopyapyala ndipo ma ion amayenda mwachangu m'kati mwake, koma amawira pa madigiri 82 okha, motero sakhalitsa padzuwa. Propylene carbonate amawira pa madigiri oposa 240, koma ndi wokhuthala ndipo amachedwetsa triiodide, magetsi n'kuchepa. Methoxypropionitrile ali pakatikati. Mu 2003, gulu la Grätzel ku Lausanne linamusakaniza ndi PVDF-HFP, selo n'kupirira maola 1,000 pa madigiri 80.

Kaumitsidwe nako n'kofunika. Liwiro limene chosungunulira chikuulukira limasintha kukula kwa timabowo ta polima ndi kuchuluka kwa magawo ake olimba, pomwe ma ion amayenda bwino m'magawo ofewa. Jelo yokhuthala mopitirira silowa bwino m'timabowo ta titanium dioxide ya m'seloyo, n'chifukwa chake kawirikawiri imathiridwa ili yotentha.