Dzina la Jorge: mfumu kapena mlimi?

Amvetseri anzanga a m'kalabu, m'midzi mwathu muno a Jorge alipo ambiri. Ena amati Joji monga amatchulira abale athu a ku Malawi. Koma mukafunsa tanthauzo lake, ambiri amangoti ndi dzina lachizungu basi, tinalitenga kwa Apwitikizi. Zoona linafika nawo, koma kwawo kwenikweni ndi ku Grécia.

M'chinenero cha Agiriki dzinali ndi Georgios. Linachokera ku mawu akuti georgos, amene anapangidwa ndi mawu awiri: ge, kutanthauza nthaka, ndi ergon, kutanthauza ntchito. Ndiye kuti munthu wogwira ntchito ya m'nthaka. Mlimi, eti! Ge yemweyu ndi amene ali kumayambiriro kwa Geografia imene ana athu amaphunzira kusukulu. Ngakhale m'Chipangano Chatsopano, chimene chinalembedwa m'Chigiriki, pa Yohane mutu 15 mawu amene anagwiritsidwa ntchito ponena za Mulungu wosamalira munda wa mpesa ndi omwewa.

Nanga dzina la mlimi linatchuka bwanji? Linatchuka chifukwa cha msilikali wa Aroma, amene lero amati São Jorge. Mbiri imati anaphedwa cha m'ma 303, nthawi imene mfumu Diocleciano inkazunza Akhristu, chifukwa anakana kusiya chikhulupiriro chake. Manda ake amawalemekeza ku Lydda, tauni imene lero imatchedwa Lod, ku Israel. Tsiku lake ndi 23 Epulo. Nkhani ija yoti anapha chinjoka ndi mkondo ali pa kavalo inabwera pambuyo, patapita zaka mazana ambiri. Koma ndi imene inamuyika pa zithunzi, mpaka anthu anaiwala khasu n'kumangoona mkondo.

Dziko lililonse linapinda dzinali malinga ndi lilime lawo. Ku Itália amati Giorgio, ku Rússia Yuri, ku Etiópia Giyorgis, Angerezi George, Apwitikizi ndi Aspanya Jorge. Ku Portugal, asilikali a mfumu João I anafuula dzina la São Jorge pa nkhondo ya Aljubarrota mu 1385, ndipo linga lalikulu la ku Lisboa limatchedwa Castelo de São Jorge mpaka lero. Ku Britain mafumu 6 analamula ndi dzina la George, woyamba analowa ufumu mu 1714, womaliza anamwalira mu 1952. Papa Francisco, amene anamwalira mu 2025, dzina lake lobadwa nalo linali Jorge Mario Bergoglio. Kwathu kuno tili ndi Jorge Rebelo, mlakatuli wa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu.

Taonani tsono. Masiku ano anyamata ena amachita manyazi kunena kuti ndine mlimi. Akafunsidwa ntchito amati sindili pa ntchito, chonsecho nkhokwe ya chimanga ndi matumba a mbatatesi zili pakhomo chifukwa cha thukuta lawo. Pamene mafumu a ku Ulaya ankavala chisoti chagolide akuitanidwa ndi dzina lotanthauza mlimi, ife eni khasu tibisalirenji?

Makolo athu sankapatsa mwana dzina chisawawa. Mavuto, Chisoni, Madalitso, lililonse linali ndi nkhani yake. Mayina aubatizo nawonso ali ndi nkhani, koma sitifunsa. Inu amene muli ndi mwana kapena mdzukulu dzina lake Jorge, muuzeni madzulo ano kuti dzina lakelo likunena za munda.